Mlandu wa Sheriff wa ku Nottingham

Pa zaka makumi asanu zapitazi, pakati pa alembi a mabuku ndi okonza mafilimu a ku Ulaya ndi ku Amereka pabuka chizolowezi chotenga nthano zakale ndi kuzikambanso kuchokera pakamwa pa munthu woipa wa m'nthanomo. M'chaka cha 1971 John Gardner adalemba buku lotchedwa Grendel, m'mene chilombo chodya anthu cha m'ndakatulo yakale ya Beowulf chikudzifotokozera chokha mbiri yake. Mu 2014 filimu ya Maleficent idaonetsa mfiti yotemberera khanda ngati mkazi amene adayamba walakwiridwa ndiye. Nthano ya Robin Hood nayonso sadaisiye. Mu 2007 kampani ya Universal idagula sewero la Ethan Reiff ndi Cyrus Voris lotchedwa Nottingham, m'mene ngwazi idali Sheriff, mdani wa Robin uja. Filimu imene idatuluka mu 2010 idabwezera ulemu kwa Robin, koma ganizo lija silidafe ai, pakuti mu 2019 Nathan Makaryk adatulutsa buku la dzina lomwelo, lopatsa mau anthu a ku mbali ya Sheriff.

Eni chizolowezichi amati akuchita chilungamo. Amati mlandu suweruzidwa pomva mbali imodzi, ndipo kuti pa zaka mazana asanu ndi limodzi anthu akhala akumva mbali ya Robin yokha. Mau ameneŵa ngokoma m'khutu, ndipo muli choonadi pang'ono m'menemo. Komatu ife tikuti pa mlandu uno choonadi chochepacho achikulunga m'bodza lalikulu. Kumvetsa m'mene munthu amasandukira wozunza anzake ndi ntchito yabwino ndi yofunika. Koma kumsambitsa wozunzayo mpaka aoneke ngati iyenso adali wozunzidwa chabe, kumeneko ndiko kulanda osauka chinthu chimodzi chokha chimene adatisiyira, ndicho umboni wao.

Robin Hood adali yani?

Tiyambe tafotokoza nthanoyi, poti si owerenga onse amene adaimva bwino. Robin Hood ndi munthu wa m'nyimbo zakale za ku England, katswiri wa uta, wokhala m'nkhalango pamodzi ndi gulu lake. Lamulo lidamkana, ndiko kuti lidamchotsera chitetezo chonse, kotero kuti aliyense akadatha kumupha monga aphera mmbulu popanda kuimbidwa mlandu. Dzina lake lidayamba kuoneka m'mabuku cha m'ma 1377, m'ndakatulo ya William Langland yotchedwa Piers Plowman, m'mene wansembe wina waulesi akuvomera kuti pemphero la Atate Athu salidziwa bwino, koma nyimbo za Robin Hood amazidziwa. Nyimbo yaitali koposa, A Gest of Robyn Hode, idasindikizidwa cha m'ma 1500. M'nyimbo zoyambazi Robin ndi mfulu wamba, wokonda Misa ndi wolemekeza Amai Maria, ndipo kawirikawiri amapezeka ku Barnsdale m'dera la Yorkshire. Zoti adakhala m'nthawi ya Mfumu Richard I adazilemba ndi John Major mu 1521, ndipo zoti adali mwana wa banja lachifumu wolandidwa chuma chake zidatchuka ndi masewero a Anthony Munday a mu 1598.

Mdani wake ndiye Sheriff wa ku Nottingham. Sheriff adali maso ndi dzanja la mfumu m'dera: wokhometsa msonkho, wogwira opalamula, wosunga ndende, woyendetsa bwalo la milandu. Akuluakulu athu amene adaona Bwana D.C. wa nthawi ya atsamunda angathe kumvetsa msanga kukula kwa mphamvu zotere zikaunjikana m'manja mwa munthu mmodzi.

Zimene otsutsana nafe anganene

Sitifuna kupambana mkangano pobisa mphamvu ya anzathu, choncho tiyeni tiuyale mlandu wao monga eni ake angauyalire.

Poyamba, Robin wa m'nyimbo zakale sadali mngelo. M'nyimbo ya Robin Hood and the Monk, ya cha m'ma 1450, anzake awiri, Little John ndi Much, akumana pa njira ndi mmonke amene adampereka Robin kwa Sheriff. Amupha mmonkeyo, naphanso kamnyamata kantchito kamene kadali naye, kuopa kuti kangakaulule. Woimba nyimboyo sakukhetsa msozi ndi umodzi womwe chifukwa cha mwanayo. M'nyimbo yaitali ija Robin alasa Sheriff namdula mutu. Ndiponso m'nyimbo zoyambazo sitimuona kwenikweni akugawira amphawi chuma; munthu amene akumthandiza ndi ndalama zambiri ndi msilikali waulemu, mwini malo, amene adagwa m'ngongole.

Chachiwiri, zigawenga zenizeni za m'zaka zimenezo zidali zoopsa. Abale a banja la Folville a ku Leicestershire adapha Roger Bellers mu 1326, ndipo mu 1332 adagwira woweruza milandu Richard Willoughby, nammasula atalipira ndalama zotchedwa mark zokwana 1,300. Mmodzi wa abalewo, Richard Folville, adali wansembe wa parishi ya Teigh. Munthu wa malonda wodutsa m'nkhalango, kapena mlimi wopita ku msika, adali ndi chifukwa chenicheni chofunira kuti pakhale wina wosunga mtendere pa mseu.

Chachitatu, Sheriff nayenso adali ndi mbuye wake womfinya. Kawiri pa chaka, pa Pasaka ndi pa chikondwerero cha Mikaeli Woyera, ankaonekera pamaso pa osunga chuma cha mfumu kukafotokoza ndalama za dera lake, ndipo zikaperewera mlandu udali pamutu pake. Mfumu Richard atagwidwa ukaidi pobwerera ku nkhondo, Mfumu ya ku Germany idalamula dipo la ma mark 150,000. Kuti ndalama zimenezi zipezeke mu 1193 ndi 1194, anthu adalamulidwa kupereka limodzi mwa magawo anai a chuma chao, matchalitchi adapereka zikho zao za siliva ndi golide, amonke a chipani cha Cistercian napereka ubweya wa nkhosa zao wa chaka chathunthu. Padayenera kukhala wina woyenda khomo ndi khomo kukatenga zimenezi. Nanga alakwanji munthu wotumidwa?

Zonsezi nzoona, ndipo sitikana ndi chimodzi chomwe. Chikhalirecho mlandu wao sukuima, pa zifukwa zimene tikuti tifotokoze.

Sheriff sadasowepo mau

Bodza loyamba nlakuti Sheriff ndi munthu amene mbiri idamtseka pakamwa. Kunena zoona, m'dziko lonse la England mudalibe munthu wina, kupatula mfumu ndi maepiskopi, amene mau ake adalembedwa ndi kusungidwa mosamala kuposa Sheriff. Mipukutu ya zikopa yolembamo ndalama za ma Sheriff ilipo mpaka lero. Wakale kwambiri ngwa chaka cha 1130, ndipo kuyambira m'zaka za m'ma 1150 ikutsatana pafupifupi chaka ndi chaka. Alembi adali ake, bwalo lidali lake, ndende idali yake, chingwe chopachikira anthu chidali chake. Pa mlandu uliwonse wa m'dera, mbali imene idamveka ndi kulembedwa idali yake.

Tsono tiyeni tione m'mene munthu wa mbali inayo akuonekera m'mipukutu imeneyi. Mu 1226, m'kaundula wa dera la Yorkshire, muli mzere umodzi wonena za katundu wa Robert Hod, wothawa lamulo, wa mtengo wa masheleni 32 ndi mapeni 6. Kaya ndiye Robin wa m'nthano, kaya ndi munthu wina wa dzina lofanana, phunziro ndi lomwelo. Boma lidalemba dzina lake ndi mtengo wa katundu wake. Chimene chidamthawitsa, za mkazi wake ndi ana ake, chimene akadanena akadapatsidwa mpata, zonsezi mlembi sadazione ngati zoyenera inki. Anthu zikwi zambiri adalowa m'mbiri mwa njira imeneyi, ngati mtengo wa ng'ombe ndi miphika yolandidwa.

Anthu otere adatsala ndi chida chimodzi, ndicho nyimbo. M'nyimbo ndimo m'mene wamphamvu ankagwa chagada, anthu naseka. Amai a kwathu amaidziwa bwino nzeru imeneyi, pakuti zimene mkazi sangathe kunena pabwalo amaziimba pa mtondo, mudzi wonse numva. Nthano zathu za Kalulu ndi Njovu zimagwira ntchito yomweyo: wamng'ono amapambana m'nthano chifukwa kunja kwa nthano sapambana kawirikawiri. Ndiye munthu akabwera lero nati tiyeni timpatseko Sheriff mpata m'nthano ya Robin Hood, akupempha kuti mwini munda wonse apatsidwenso kadimba kamodzi kamene mkazi wamasiye adatsala nako. Chimenecho achitcha chilungamo.

Lamulo limene ankalisunga

Bodza lachiwiri nlakuti Sheriff adali mlonda wa lamulo, Robin wophwanya lamulo, ndipo kuti munthu wanzeru ayenera kuima ndi mlonda. Tifunse: lamulo lake liti?

Mafumu a ku England a m'zaka zimenezo adapatula madera akuluakulu, Sherwood ali limodzi mwa iwo, nawatcha nkhalango za mfumu. M'maderamo mudali midzi, minda ndi anthu, koma lamulo lidaika gwape patsogolo pa munthu. Mlimi sankaloledwa kudula mtengo kapena kutsegula munda watsopano mwaufulu. Agwape akamdyera mbeu, analibe mphamvu yowapha. Galu wake ankamdula zikhadabo zitatu za mwendo wakutsogolo kuti asathamangitse nyama. Wopha gwape wa mfumu akadatha kukolowoledwa maso kapena kudulidwa ziwalo. Nkhanza zimenezi si zopeka za oimba nyimbo, pakuti chikalata cha za nkhalango cha mu 1217 chidachita kulamula kuti kuyambira pamenepo munthu asaphedwenso kapena kudulidwa chiwalo chifukwa cha nyama ya mfumu. Lamulo sililetsa chinthu chimene sichichitika.

Ndiponso ma Sheriff ambiri sadali okhulupirika ngakhale ku lamulo loipalo. Udindowu unkagulidwa ndi ndalama. Mfumu Richard mwini adagulitsa maudindo otere mu 1189 pofuna chuma cha nkhondo. Wogula udindo amafuna kubweza ndalama zake ndi phindu, ndipo tonse tikudziwa kuti amazitenga kwa yani. Mu 1170 Mfumu Henry II idalamula kafukufuku wa machitidwe a ma Sheriff m'dziko lonse, ndipo ambiri a iwo adachotsedwa. Mu 1215 chikalata chotchuka cha Magna Carta chidaletsa ma Sheriff kuweruza milandu ikuluikulu ya mfumu, ndi kutenga akavalo kapena ngolo za mfulu mwini asadalole. Chikalata chomwecho chidatchula maina a anthu oyenera kuchotsedwa pa maudindo ao, ndipo pakati pao padali Philip Marc, amene pa nthawiyo adali Sheriff weniweni wa dera la Nottingham. Kodi adachoka? Iai. Adakhalabe pampando mpaka 1224. Akulu adati khoswe akakhala pa mkhate sapheka.

Onani tsono kuti amene akumtsutsa Sheriff si alimi okha a nyimbo zao. Mafumu amene adamtuma, nduna zimene zidakhala naye pa phwando, ndi zikalata za boma lake lomwe, zonse zikuchitira umboni womwewo. Augustino Woyera, m'buku lake la Mzinda wa Mulungu, adaphunzitsa kuti ufumu ukachotsedwa chilungamo susiyana ndi gulu lalikulu la achifwamba. Adakambanso za wachifwamba wa pa nyanja amene adagwidwa ndi Alexander Wamkulu, nayankha kuti kusiyana kwa awiriwo kudali kukula kwa zombo zao basi. Oimba nyimbo za Robin Hood mwina sadawerenge Augustino, koma adafika pa mfundo yomweyo pongoona zimene zinkachitika pa khomo pao.

Tsono mau akuti “ndidangotumidwa” sangamuombole Sheriff. Nzoona kuti adali ndi mbuye womfinya, komatu iye adasankha kutsitsira katunduyo pa mitu ya anthu ofooka, naonjezerapo wake. Galu wa mfumu ndi mfumu ya agalu: pamaso pa mbuye wake amagwedeza mchira, koma akatembenukira kwa anzake amaonetsa mano.

Mkulu wa amonke a ku York

Pali woipa wina m'nthanoyi amene ife a mu Eklezia sitiyenera kumlumpha, chifukwa tikamlumpha mau athu onse asanduka achinyengo. M'nyimbo yaitali ija, msilikali waulemu uja adakongola mapaundi 400 kwa mkulu wa amonke a St Mary's ku York, naika malo ake onse ngati chikole. Tsiku lobweza litafika, mkulu wa amonkeyo adakhala pa chakudya akuyembekeza mwachimwemwe kuti wangongoleyo alephere, kuti malowo akhale a nyumba yake. Pambali pake padali woweruza wamkulu amene adamkopa ndi mphatso. Robin ndiye adabwereka msilikaliyo ndalamazo, ndipo chikole chimene adalandira ndi dzina la Amai Maria lokha. Pambuyo pake mmonke wosunga chuma wa nyumba yomweyo adagwa m'manja mwa Robin. Adanama kuti ali ndi ma mark 20 okha, koma m'katundu wake mudapezeka mapaundi 800, Robin nati Amai Maria abweza ngongole yao mowirikiza.

Nkosavuta kulemba nthanoyi kuchokera ku mbali ya mkulu wa amonke. Tinganene kuti adali ndi denga la tchalitchi loti alikonze, amonke oti awadyetse, alendo ndi odwala oti awasamale, ndiponso kuti pangano ndi pangano. Zonsezi zingakhale zoona, ndipo wowerenga angatseke buku akummvera chifundo. Koma ife tikuti buku lotere likadzalembedwa ndi cholinga chomuyeretsa, Akhristu ndiwo ayenera kukhala oyamba kulikana. Munthu wovala mkanjo wa umphawi amene akuyembekeza kugwa kwa mnzake kuti alande munda wake, palibe denga la tchalitchi limene lingamphimbe.

Tizindikirenso kuti woimba wakaleyo sadali wakhungu monga alembi a masiku ano amganizira. M'nyumba yomweyo ya amonke adaikamo wachiwiri kwa mkuluyo, amene adadzudzula mbuye wake poyera, nati kulanda munthu malo mwa njira yotere nkulakwa. Mwa ichi woimbayo adaonetsa kuti ngakhale m'kati mwa nyumba yopondereza munthu angathe kukana. Wachiwiri uja ndiye akutsutsa mkulu wake koposa Robin, chifukwa onse awiri adali pansi pa denga limodzi lodontha, ndi mavuto amodzimodzi, koma mmodzi adasankha chifundo. Alembi oyeretsa oipa amachita mantha ndi munthu wotere, ndipo kawirikawiri amamchotsa m'nkhani zao, pakuti iye akangoima pamenepo, chiphunzitso chao chakuti woipa sakadachitira mwina chimagwa.

Njira yoyenera

Kodi tikuletsa alembi kulowa m'mtima mwa Sheriff? Kutalitali. Tikadakondwa kuwerenga buku lotionetsa mnyamata wabwinobwino, wokonda mkazi wake ndi ana ake, amene alandira udindo ali ndi maganizo abwino. Chaka choyamba alandira nkhuku ya mphatso, chachiwiri atseka maso pamene msilikali wake akumenya mlimi, chachisanu apachika munthu chifukwa cha gwape nagona tulo tabwino usiku womwewo. Buku lotere lingatithandize, chifukwa ambiri a ife tili pafupi ndi Sheriff koposa ndi Robin. Ochepa mwa ife adzakhala m'nkhalango ndi uta, koma ambiri tili ndi kaudindo kena, kampando, kachidindo, kakiyi ka nyumba yosungiramo katundu, ndipo tili ndi wina pamwamba pathu amene tingamloze tikafunsidwa. Komatu buku lotere liyenera kusunga zinthu ziwiri. Mkazi wa munthu wopachikidwa uja asachoke pamaso pa wowerenga, ndipo choipa chitchedwebe choipa kufikira tsamba lomaliza.

Mthenga Wabwino wa Luka uli ndi chitsanzo cha nkhani yotere. Zakeyo adali mkulu wa okhometsa msonkho, wotumikira boma la atsamunda, wodedwa ndi mzinda wonse wa Yeriko. Mlembi akutifikitsa pafupi naye, mpaka tikuona kufupika kwa msinkhu wake ndi kukwera kwake mu mtengo. Koma nkhaniyo sikutha ndi kufotokoza kuti Aroma ankamfinya, kapena kuti anthu sadammvetse. Ikutha iye akulonjeza kupatsa amphawi theka la chuma chake, ndi kubwezera kanai aliyense amene adamlanda kanthu monyenga. Wokhometsa msonkho ali nayo njira yobwerera pakati pa anthu, ndipo njirayo imadzera pa khomo la amene adawabera.

Tisaiwalenso kamnyamata kaja kophedwa pa njira ndi anzake a Robin. Ngati alembi a masiku ano akufunadi munthu amene nthano idamtseka pakamwa, ndi ameneyu. Sadalankhule liu ndi limodzi lomwe, dzina lake silidatchulidwe, ndipo palibe kaundula wa mfumu kapena nyimbo ya alimi imene idamlira. Pali iye, pali mkazi wa Robert Hod, pali mlimi woyang'ana agwape akudya tirigu wake. Wolemba kuchokera ku mbali ya ameneŵa angathe kudzudzula Robin ndi Sheriff pamodzi, ndipo ife tingamuombere m'manja. Koma pazifukwa zodziwa eni, alembi ambiri akafuna kumva “mbali inayo” amalunjika ku nyumba ya malinga, kumene kuli moto wofunda ndi vinyo.

Owerenga okondedwa, nkhaniyi isaoneke ngati ya kutali chifukwa idachitikira ku England. Mafilimu ndi mabuku ameneŵa amafika m'nyumba zathu, ndipo ana athu amaphunziramo kaweruzidwe ka zinthu. Mwana amene wamva kakhumi kuti woipa aliyense adali ndi zifukwa zake, ndi kuti palibe wolakwa weniweni, adzakula ali wokonzeka kukhululukira wakuba aliyense wa pa mpando asadalape nkomwe, ndipo tsiku limene iye mwini adzakhale pa mpandowo adzapeza mau odzikhululukira ali okonzeratu. Choncho pamene tikuonera kapena kuwerenga nthano zotembenuzidwazi pamodzi ndi ana athu, tiwaphunzitse kufunsa mafunso awiri: kodi munthu uyu adalanda chiyani, ndipo kodi adabweza? Philip Marc adafa zaka pafupifupi mazana asanu ndi atatu zapitazo, ndipo chiweruzo cha mzimu wake sichili m'manja mwathu. Koma za ntchito za udindo wake anthu a m'nthawi yake adachitira umboni, ena m'zikalata, ena m'nyimbo, ndipo mlandu suola.